Mivi Yolumikizana



Mu 1945, Samuel Eilenberg ndi Saunders Mac Lane anayambitsa masamu otchedwa category theory. Masamuwa amayang'ana mivi yochoka pa chinthu china kupita pa chinzake. Muvi wina ukayambira pamene unzake wathera, iwiriyo imasanduka muvi umodzi.

Izi zikufanana ndi zimene zimachitika kufakitale ya tiyi: masamba amafota, amadulidwa, amafiirira, kenako amaumitsidwa. Gawo lililonse limalandira zimene linzake latulutsa. Olemba mapulogalamu a kompyuta m'chinenero cha Haskell amalumikiza tizigawo tawo chimodzimodzi. Ine chimene chimandikondweretsa n'chakuti ngati chotuluka m'gawo loyamba sichikugwirizana ndi chimene gawo lachiwiri likudikira, kompyuta imakana pulogalamuyo isanayambe n'komwe kugwira ntchito.