Lupsa pa Chambe ndi Mlandu wa Munthu Wochenjezedwa

Chilimwe chikafika pachimake, udzu wa m'chigwa cha pamwamba pa Chambe, m'phiri la Mulanje, umauma mpaka kumathetheka pansi pa phazi, ndipo ogwira ntchito za nkhalango amalambula njira zotchinga moto pofuna kuteteza mkungudza, mtengo wa fuko la Malawi umene mwachilengedwe umamera m'phiri la Mulanje lokha. Lupsa, lomwe ndi moto wolusa wa kutchire, nthawi zambiri limayatsidwa ndi anthu osaka nyama kapena owotcha makala, motero funso la ngati ngoziyi ndi chifuniro cha Mulungu silingayankhidwe poloza kumwamba kokha.

Pa nkhani ya mlandu wa oyatsa motowa, buku la Ezekieli, mutu 33, limasiyanitsa mlandu wa mlonda wolephera kuliza lipenga ndi mlandu wa munthu womva lipengalo koma nalinyalanyaza, kutanthauza kuti chenjezo limasamutsa udindo kuchoka kwa wochenjeza kupita kwa wochenjezedwa. Chiphunzitsochi ndi choona, komabe pa Chambe chimakumana ndi njala, pakuti mlenje amene ana ake agona ndi njala amamva chenjezo monga amamvera wina aliyense, koma alibe mpata wofanana wolimvera. Nkhalango ya m'phiri la Mulanje inaikidwa pansi pa chitetezo cha boma m'chaka cha 1927, pamene makolo anali atailemekeza kale monga malo a mizimu, osalowamo mwachisawawa. Mbande ya mkungudza imene ikanakula zaka zoposa 100 imapsa kamphindi, ndipo osowa mthunzi wake ndi ana amene sanabadwe.