Nthabwala imene inakhazika boti chete



Ndakhala ndikuzengereza kulemba nkhani iyi chifukwa wolakwa mmenemu ndine. Koma pali funso limene lakana kundichoka m'mutu kuyambira mwezi wa Januwale: kodi kugemulana kwa abwenzi kumathera pati, nanga chipongwe chimayambira pati? Paja mawu ake amatha kukhala omwewo, kaseko kakenso komweko.

Ena mwa inu mukudziwa kuti ndili kusukulu ku America, kumapiri a Virginia. Kufupi ndi kumene ndimakhala kumadutsa mtsinje wotchedwa New River. Dzinalo likuti watsopano, koma akatswiri a za miyala amauwerengera pa mitsinje yakale kwambiri ku America. Umachokera ku North Carolina n'kulowera kumpoto, kudutsa Virginia mpaka West Virginia. Mumtsinjemu muli nsomba ina imene amaitcha musky, dzina lake lonse muskellunge. Amene munakulira kunyanja ngati ine, ganizirani mcheni, koma mcheni wotalika kuposa mita imodzi, kukamwa kophwatalala ngati kwa bakha koma kodzaza mano. Imadya nsomba zinzake, achule, ngakhale tiana ta abakha. Eni ake amati nsomba imeneyi uponye mbedza ka 10,000 ndiye uigwire imodzi. Ku Wisconsin anaikonda mpaka mu 1955 anaisankha kukhala nsomba yoimira dera lawo.

Kumpoto uko, ku Wisconsin ndi Minnesota, chisanu chikafika nyanja zimaundana ndipo nyengo yowedza musky amaitseka. Ku Virginia mtsinje umayendabe, ndiye anthu amawedza ngakhale mu Januwale. Vuto lake, madzi akazizira nsomba imachita ulesi. Imakhala phee m'maenje akuya, imadya mwa apo ndi apo, ndipo nyambo umayenera kuikoka mwapang'onopang'ono ngati ukuinyengerera. Nyamboyo si nyongolotsi ayi, ndi chinsomba chosema cha mtengo kapena cha labala, chachitali ngati phazi la munthu wamkulu, cholemera moti pofika masana phewa limakhala likulira. Ndipo ukaigwira, umaiyeza, umaijambula, n'kuibwezanso m'madzi. Agogo anga a ku Mangochi akanamva zimenezi akanati anthu amenewa akufunika kuwachitira dua.

Anandiitana ndi mnzanga wa m'kalasi. Iye amawedza ndi malume ake, bambo a zaka za m'ma 70, opuma pantchito. Onsewo si Asilamu. Tinanyamuka nditangoswali Fajr, tinakatsitsa boti kumunsi kwa damu la Claytor, kufupi ndi Radford. Kuzizira kwake, abale, mwera wa mu Julaye ndi masewera. Madzi obwera ndi chingwe ankaundana m'timphete ta ndodo, moti pakapita kanthawi umayenera kumiza ndodo mumtsinje kuti asungunuke.

Tisanaponye n'komwe, anthu awiri aja anali atayambana kale. Mnzanga anati chipewa cha malume ake n'chachikulu msinkhu kuposa damu lija, pamene damulo linamangidwa mu 1939. Malume anayankha kuti mphwawo amaponya mbedza ngati munthu wotaya madzi otsukira mbale, ndipo nsomba yomaliza imene anabwera nayo kunyumba inali ndi mtengo wake wa m'sitolo pamsana. Mnzanga anati khofi wa malume amakoma ngati oyilo wa injini. Malume anati imwa, mwina ungayambe kugwira ntchito. Choncho basi, ola ndi ola.

Poyamba ndinamangika. Ine ndinakula ndi ustadhi amene anatiloweza Surah Al-Hujurat, ndipo pa ayah ya 11, imene imaletsa kunyozana ndi kuitanana mayina oipa, anatiimitsapo sabata yathunthu. Komanso kwathu mwana sayankhula choncho kwa malume ake pagulu. Ndinangokhala chete kumbuyo kwa boti, kumaponya, kumakoka, kumaponya.

Cha m'ma 10 koloko chingwe changa chinalimba mwadzidzidzi. Ndinaiwala Chingerezi chonse, ndinangokuwa kuti "Yadya! Yadya!" Ndinalimbana nayo mphindi mwina zisanu, thukuta kutuluka m'chisanu chimenecho. Malume aja anatenga ukonde wotungira nsomba, nkhope ili gwa, kumandilimbikitsa kuti ndisaifewetsere. Chimene chinatuluka ndi chitsa, cha ndere zake. Anachiyeza ndi tepi mwaulemu wonse, anauza mphwawo kuti andijambule nacho, kenako anati malamulo amafuna tichibweze m'madzi chikakule. Kuyambira pamenepo dzina langa linakhala Pulofesa wa Zitsa.

Ndikuuzeni zoona, ndinasangalala. Mpaka nthawi imeneyo ankandipatsa ulemu wa mlendo, uja wokufunsa kawirikawiri ngati uli bwino. Atandigemula ndi pamene ndinadziwa kuti ndalowa m'boti.

Nthawi ya Dhuhr itakwana ndinawapempha kuti andikocheze pagombe. Malume anandipatsa madzi otentha a mufulasiki yawo ina kuti ndisakanize ndi a mumtsinje pochita wudhu. Ndikuswali, boti linali zii. Nditabwerera anandifunsa ngati zala zikadalipo zonse, basi. Anthu amene anaseka chitsa changa maola awiri sananene kanthu kalikonse za swala yanga. Ndikanakhala wanzeru ndikanaphunzirapo kanthu pamenepo.

Cha m'ma 3 koloko, dzuwa litayamba kale kupendeka, mnzanga ananong'ona kuti tiyang'ane kumbuyo kwa nyambo ya malume. Munali chithunzi chachitali m'madzi, chikutsatira mwakachetechete. Musky ili ndi khalidwe limeneli, imalondola nyambo mpaka pa boti osaluma. Zikatero msodzi amamiza nsonga ya ndodo m'madzi n'kumayendetsa nyambo ngati akulemba nambala 8, kuti nsomba iganize kuti chakudya chikuthawa. Pamafunika dzanja lokhazikika. Malume anamiza ndodo, koma manja anayamba kunjenjemera kwambiri, nyambo inadumphira pamwamba pa madzi, mbedza zinakolana ndi chingwe. Nsomba ija inangotembenuka n'kumira. Tsiku lonse, mwayi unali womwewo.

Ine ndi chimwemwe changa cha membala watsopano ndinati nthawi yanga yobweza yakwana. Ndinati, "Madala, manja akunjenjemera ngati mwaona ng'ona. Pumani, izi mutisiyire achinyamatafe."

Palibe anaseka. Malume anamwetulira pang'ono, anaika ndodo pansi n'kulowetsa manja m'matumba a jekete. Mnzanga anangoyang'ana madzi. Ola lomaliza lonse tinawedza osayankhulana, ndipo ndi pamene ndinamva kuzizira kwenikweni kwa tsikulo.

Usiku akundiperekeza, mnzanga anandiuza kuti malume ake ali ndi matenda a Parkinson, aja amene amagwira ubongo n'kumanjenjemeretsa manja, ndipo amankirankira. Anati sangathenso kumanga mfundo ya chingwe. Iye ndi amene amawamangira nyambo zonse usiku, m'mawa n'kumanamizira kuti amangoona ngati zili bwino. Sanandikalipire. Anangoti, sunadziwe.

Mawu amenewo ndinawagwira ngati chishango masiku angapo. Sindinadziwe. Niyya yanga inali yabwino, ndimafuna kuseketsa, osati kubaya. Ndipo n'zoona ndithu. Koma pamene ndimabwereza tsiku lija m'maganizo, chishango chija chinayamba kubooka. M'mawa ndinaona mnzanga akuthira khofi wa malume ake theka la kapu, pamene wanga anadzaza. Ndinaona kuti zipi ya jekete anawatsekera ndi iye, uku akuwanena kuti mimba yakula. Maso anaona, mtima sunawerenge. Ndinamvera kugemulana kwa maola asanu ndi awiri, n'kuloweza zimene zimanenedwa, osazindikira kuti pali chinthu chimodzi chimene sichikunenedwa. Chipewa, khofi, mimba, boti lakale, nsomba zimene zinathawa zaka zapitazo, zonse zinali zololedwa. Manja ayi.

Kwathu timazidziwa izi, kungoti sitizitchula. Msuweni wako akhoza kukunena mutu waukulu pamaso pa anthu, akhoza kukulanda nyama m'mbale, onse n'kumaseka. Koma ngati banja lako lakhala zaka popanda mwana, msuweni weniweni sadzafikako. Ufulu wake wokunyogodola umachokera poti amakudziwa mpaka pamene pali bala. Ine ndinatenga ufulu wa msuweni ndili ndi chidziwitso cha mlendo.

Ndinakumbukiranso nkhani ziwiri za kumadrasa zimene kale ndinkaziona ngati zosagwirizana. Ali (RA) anapatsidwa dzina lakuti Abu Turab, mwini dothi, Mtumiki (SAW) atamupeza atagona mumzikiti fumbi lili kumsana, ndipo zimanenedwa kuti dzinali ankalikonda kwambiri. Koma tsiku lina Abdullah ibn Mas'ud (RA) atakwera mumtengo kukathyola mswaki, maswahaba ena anaseka kuonda kwa miyendo yake, ndipo Mtumiki (SAW) sanasekere nawo, anawauza za kulemera kwa miyendo imeneyo pa sikelo ya tsiku la Qiyama, kuposa phiri la Uhud. Fumbi umasasa n'kuimirira. Miyendo umayenda nayo moyo wonse. Chitsa changa ndinachisiya mumtsinje, koma malume aja manja awo anapita nawo kunyumba, kukalimbana ndi mabatani a malaya.

Tsono nditachita manyazi, ndinafika poganiza kuti bola kungosiyiratu nthabwala. Munthu wachete salakwira mnzake. Ena a ife timaganiza kuti umenewo ndiye uSilamu wabwino, nkhope yomanga, mawu owerengeka. Koma ola lachete lija linandikana. Maola asanu ndi awiri a kugemulana anadutsa ngati mphepo, ola limodzi la ulemu wouma linali ngati chaka. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndinkaganiza kuti kudekha ndi kukhala duu. Anthu aja anandionetsa sabr ina, yoseka, ya anthu amene akudziwa kuti mwina abwerera chimanjamanja ndipo agwirizana kuti kulepherako akunyamule awiri.

Palinso china chimene ndinachimvetsa mochedwa, ndipo ndi chimene chimandikhudza kwambiri. Taganizani mnzanga uja atasiya kuwagemula malume ake. Atayamba kuwayankhula mofatsa, kuwafunsa ngati atopa, kuwavomera chilichonse. Malume akanadziwa tsiku lomwelo kuti tsopano sali msodzi, ali wodwala. Nthabwala iliyonse ya chipewa ija inali kuwauza kuti mukadali inu, ndikadakuopani, mukhozabe kundibwezera. Chimene ine ndinachiona m'mawa ngati kusowa ulemu chinali ulemu waukulu kuposa wanga wa kumbuyo kwa boti. Ndipo ntchito yake si yamasewera: kuseka munthu tsiku lonse, uku ukulondera malo amodzi kuti pasapondedwe, uku ukumumangira mfundo mobisa.

Apa ndi pamene ndimaganiza za magulu athu a WhatsApp, mmene tilimo anthu 200 ndipo timagemulana ngati asuweni tonse. Wina sanakwatire, wina wabwereza chaka, wina wanenepa. Timaponya ka sitika, anthu amaseka, ndipo popeza palibe boti loti likhale chete, sitidziwa n'komwe kuti wina walowetsa manja m'matumba. Ndazichitapo, ndipo ena amene mukuwerenga ndinu mboni.

Patapita masabata awiri anandiitananso. Ndinadabwa, ndipo ndinatsala pang'ono kupeza chifukwa chokanira. Tikutsitsa boti ndinapita kwa malume ndi mawu amene ndinawakonza usiku wonse. Ndinati bambo, tsiku lija ndinayankhula mopusa, mundikhululukire. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anatulutsa dzanja lawo n'kuliimika m'mwamba likunjenjemera. Anati, "A Pulofesa, anthu amalipira ndalama zambiri kugula nyambo zovina chonchi m'madzi. Ine zanga zimavina zaulere."

Mnzanga anaseka mpaka kugwira m'mphepete mwa boti, koma m'maso munali misozi. Ndikuganiza kuti kanali koyamba kumva malume ake akutchula za manjawo mwanthabwala. Ine sindinadziwe ngati ndili ndi chilolezo choseka. Ndinaseka pang'ono, mochedwa. Mpaka lero sindinabwerezepo nthabwala imeneyo kwa iwo, ngakhale eni ake amaibwereza ulendo uliwonse. Ndi yawo.

Tsiku limenelo sitinaone ngakhale chithunzi cha nsomba. Masana chingwe cha malume chinakola pamwala n'kuduka, nyambo n'kupita. Mnzanga anali kutsogolo akuwongolera boti pamadzi othamanga. Malume anatsegula bokosi, anasankha nyambo ina, anayang'ana mphwawo, kenako anatembenukira kwa ine n'kundipatsa pamodzi ndi nsonga ya chingwe. Anati ndimange, koma ndimange mfundo ya nsomba, osati ya zitsa. Zala zanga zinali zitauma ndi chisanu moti ndinaimanga katatu isanagwire, iwo akuwerenga mokweza.

Musky sindinaigwirebe. Zitsa zafika zinayi.