Kodi Tikumangira Yani?



Mwa nsanamira zisanu za Chisilamu, swaumu ndiyo yobisika. Munthu akamaswali timamuona. Akapereka zakaati, wolandirayo amadziwa. Wopita ku Hajji mudzi wonse umamperekeza. Koma womanga palibe angamuchitire umboni. Taganizani za msodzi amene ali yekha m'bwato pakati pa nyanja, dzuwa lili paliwombo, kukhosi kuli gwa, madzi ali ponseponse. Atati atunge ndi dzanja namwa, ndani angamuone? Akaleka kumwa, walekera Allah yekha. Nchifukwa chake mashehe athu ankatiphunzitsa kumadrasa kuti riyaa, ndiko kuchita zabwino pofuna kuonedwa ndi anthu, imavutika kulowa m'swaumu.

Tsono masiku ano riyaa yapeza khomo, ndipo khomolo tikuyenda nalo m'thumba. Ndikunena foni.

Inu a kunyanja mumadziwa m'mene usipa umaphedwera usiku wa mdima. Siginala amayatsa nyali pabwato, usipa nkusonkhana pa kuwalako, kenaka chilimira nkuzungulira. Usipa sulipira kanthu poona nyali ija, komatu mwini nyali sanagule mafuta chifukwa chokonda usipa. Facebook ndi WhatsApp eni ake satilipiritsa. Ife timangogula bandulo. Koma m'chaka cha 2014 kampani ya Facebook idagula WhatsApp pa mtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni. Munthu sataya chuma chotere pogula chinthu chopanda phindu. Kampaniyi, imene kuyambira 2021 ikutchedwa Meta, pafupifupi ndalama zake zonse imazipeza kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsawo chimene amagula ndi maso athu ndi nthawi yathu. Munthu akakhalitsa pafoni, kwa iwo ndiye nsomba zalowa.

Ngakhale zida zachipembedzo sizinapulumuke. Pali pulogalamu ya pafoni yotchedwa Muslim Pro, imene imasonyeza nthawi za swala ndi mbali ya kibla. M'mwezi wa November 2020 atolankhani a Motherboard ku America adaulula kuti pulogalamuyi inkatumiza ku kampani yotchedwa X-Mode nkhani za malo amene anthu oigwiritsa ntchito ali, ndipo kuti X-Mode inkagulitsa nkhani zotere kwa makampani ogwira ntchito ndi asilikali a America. Eni ake a Muslim Pro adakana kuti sadagulitse kanthu kwa asilikali, komabe adathetsa ubale wawo ndi X-Mode. Msilamu adangofuna kudziwa kumene kuli Makka, anthu ena nkudziwa kumene kuli iye.

Koma apa tisathamange. Kampani ikakuzonda, tchimo ndi lake, swala yako siiwonongeka. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Makampaniwa adazindikira ludzu limene lili mumtima mwa munthu aliyense, ludzu lofuna kuyamikidwa, ndipo adalikonzera chikho. Ukaika chithunzi, amakuwerengera anthu amene achiona ndi amene achikonda. Umabwerako kawiri katatu kukaona ngati nambala yakwera. Ludzu la madzi timalipirira kuyambira daku mpaka Magharibi, koma ludzu ili ambirife sitilimanga ngakhale ola limodzi.

Ine ndemwe ndidagwamo. Chaka china tidasonkha ufa, shuga ndi mafuta ophikira kuti tikapereke kwa mayi wina wamasiye. Ndidauza mnyamata kuti ajambule. Mayiyo adalandira thumba lija atazyolika, nakoka mpango kubisa nkhope. Usiku womwewo, titachoka ku Tarawehe, ndidapezeka ndikuwerenga anthu amene alemba "Masha Allah Shehe". Ndidawerenga mpaka tulo. Za mayi uja, ngati ana ake adadya kapena ayi, sindidaganizeko. M'mawa mwake ndidadzifunsa kuti ufa uja ndidaupereka kwa yani, ndipo yankho lake silidandisangalatse.

Wina anena kuti, "Koma Shehe, tikaonetsa zabwino ena amatengera chitsanzo." Zoona, ndipo sindikutsutsa. Mu Surat Al-Baqara, ndime 271, sadaka yoonekera yayamikidwa, ngakhale kuti yobisa yoperekedwa kwa osauka yanenedwa kuti ndiyo yabwino koposa. Ndime 264 ya sura yomweyo ikuchenjeza za wopereka chuma chake kuti anthu amuone. Choncho foni payokha si haramu. Mwana amene ali ku Johannesburg amamva ulaliki wa kumudzi kudzera pa WhatsApp, ndipo agogo amene maso adafooka amamvera Qur'an pafoni ya mdzukulu. Izi ndi zabwino ndithu. Nkhani yagona pa niya, ndipo niya ya munthu wina ine sindingaiweruze. Koma yako ukhoza kuiyesa wekha. Foni itakhala kuti yatha moto tsiku limenelo, kodi thumba lija ukadalinyamulabe? Ukadaima rakaa zomwezo? Ngati mtima ukunena kuti ukadadikira mawa foni itadzaza, pamenepo pali chokonza.

Ndiye m'mwezi uno ndikupempha zinthu zochepa m'makomo mwathu. Wosauka asajambulidwe polandira sadaka, ngakhale atavomera, pakuti wanjala amavomera chilichonse. Ngati opereka thandizo akufuna umboni, jambulani matumba ndi kaundula, nkhope zisiyeni. Nthawi yofutulu, amayi, foni zikhale kutali ndi mphasa. Mphindi zija tisanamve adhana ndi za duwa, si zojambula futali kuti anthu a kutali asirire, ena a iwo alibe nkomwe chofutulira. Amene muli ndi pulogalamu ya nthawi za swala, pemphani mwana wodziwa akuonetseni potsekera kuti isamadziwe pamene muli nthawi zonse. Ndiponso nthawi za swala zimakhala zokhomedwa kumzikiti, muadhini naye alipo.

Masiku khumi omaliza, pamene tikufunafuna Lailatul Qadr, yesani ichi. Sankhani chabwino chimodzi, kaya ndi rakaa ziwiri za usiku, kaya ndi mbale ya chakudya kwa mnansi, muchichite osauza munthu, ngakhale akunyumba kwanu. Mudzaona m'mene lilime limayabwira kuti munene, ndi m'mene dzanja limapitira lokha m'thumba.

Wassalamu alaikum.