Mwana Wosaona Akamagonera Kusukulu

Kunja kukali mbuu, ndipo maganizo anga ali pa ana osaona amene amagonera pasukulu ya Chilanga ku Kasungu ndi ya Lulwe ku Nsanje.

Kusiya mwana kutali ndi mudzi kumawawa, makamaka mwana amene munazolowera kumugwira dzanja popita kuchigayo kapena kutchalitchi. Makolo amene amazengereza ndimawamvetsa. Komatu sukulu zambiri za kumudzi zilibe mabuku a Braille, ngakhale mphunzitsi wodziwa kuwawerenga. Kusukulu yogonera konko mwana amaphunzira kuwerenga ndi nsonga za zala, kuyenda yekha ndi ndodo yoyera, kuchapa zovala zake. Chachikulu kwa ine n'chakuti amapeza anzake omumvetsa popanda kufotokoza zambiri.

Louis Braille nayenso anachoka kwawo ku Coupvray mu 1819, ali ndi zaka 10, kukagonera pasukulu ya osaona ku Paris. Pofika 1824 anali atakonza kalembedwe ka timadontho 6, ndipo ophunzira anzake ndiwo anayamba kukakonda. Akuluakulu anachedwa: sukuluyo inakavomereza mu 1854, patapita zaka ziwiri mwiniwake atamwalira.