Mwana Amene Amangokhala pa Benchi

Ana athu a Tilitonse akangoweruka amathamangira kubwalo, ena ndi mpira weniweni, ena ndi chikulunga. Achinyamata ndi makolo angapo adzipereka kuwaphunzitsa, ndipo Mulungu awadalitse. Mawu a sabata ino ndi anu, inu makochi.

Mu Uthenga Wabwino wa Marko, mutu 9, ophunzira ankakangana m'njira kuti wamkulu ndani pakati pawo. Atafika ku Kaperenao, Yesu anawafunsa za mkanganowo, iwo n'kungoti chete. Ndipo Ambuye anatenga mwana, namuimika pakati pawo, namukumbatira. Taonani pamene anamuika: pakati penipeni, osati m'mphepete.

Tsono pabwalo pathu m'mphepete mumakhala ndani? Mumakhala mwana wochepa thupi, wamanyazi, yemwe akaponya mwendo mpira umamudutsa. Amabwera tsiku lililonse, amanyamula chigubu cha madzi, amatola mpira ukagwera m'chimanga cha eni, koma likafika tsiku la mpikisano kochi amamuuza kuti adikire kaye. Amadikira mpaka oyimbira aimba wezulo yomaliza. Mwana wa zaka 8 sangakuuzeni kuti wakhumudwa. Amangosiya kubwera, ndipo nthawi zina ku katekisimu komwe sitimuonanso, chifukwa kwa iye bwalo ndi tchalitchi n'zimodzi.

Choipa kwambiri ndi chizolowezi chobweretsa anyamata a zaka 14 kapena 15 m'timu ya ana a zaka 10, n'kuwauza kuti akafunsidwa anene zaka zabodza. Ena amati ndi nzeru za mpira. Ayi, limenelo ndi bodza, ndipo lamulo la 8 limaletsa bodza ngakhale pabwalo. Lamlungu timaphunzitsa ana kuulula machimo, Loweruka n'kuwaphunzitsa kunama chifukwa cha chikho. Mwana adzatsata phunziro limene waliona ndi maso.

Don Bosco, wansembe woyera wa ku Turin m'dziko la Italy, yemwe anamwalira mu 1888, anasonkhanitsa anyamata osauka a m'misewu, ndipo iye mwini ankalowa nawo m'masewera. Sankafuna kuti aphunzitsi ake azimenya ana. Ankawalangiza kuti azikhala pakati pa anawo, azifotokoza chifukwa cha lamulo lililonse, ndipo chikondi chawo chikhale chakuti mwanayo azichiona. Kochi wolalata, wotchula mwana kuti chitsiru pamaso pa anzake, ali kutali ndi njira imeneyi, ngakhale timu yake itamagoletsa zigoli zambiri.

Ana aang'ono akamasewera onse amaunjikana pa mpira ngati anapiye pa madeya. Musakwiye, ndi msinkhu wawo. Agaweni m'timagulu ta anayi kapena asanu, ikani miyala ngati magolo, ndipo aliyense adzaukhudza mpira kambirimbiri. Goloboyi asamakhale yemweyo masiku onse. Atsikana nawonso alowe, asamangoimba m'mbali. Dzuwa likatentha apumitseni amwe madzi.

Pa mpikisano wotsatira, musanayambe, lembani mayina a ana onse amene abwera, ndipo aliyense alowe ndithu, ngakhale zigoli zikhale zofanana ndipo kwatsala mphindi 10. Mwina mudzagonja. Makolo ena adzadandaula, ndipo mudzafunika kuwayankha modekha kuti mwana amene walowayo nayenso ali ndi mayi ake amene abwera kudzamuonerera.