Nkhumba Yanu Ilowe M'khola Lero!

Alimi anzanga a ku Chiuta, nkhumba yongoyendayenda m'mudzi si yanu. Ndi ya chigodola, ndi ya mbala, ndi ya mwini munda amene yamufukulira mbatata. Itsekereni m'khola kuti ikhale yanudi!

Chigodola chilibe mankhwala. Chikalowa m'mudzi chimasesa pafupifupi nkhumba zonse, ndipo sichigwa kumwamba ayi. Chimabwera ndi nkhumba yodwala, ndi nyama ya nkhumba yofa yokha, ndi nsapato za wogula amene wangotuluka kumene m'khola la wina. Ife a m'boma la Mecanhelas tili panjira: njanji ya ku Nacala imadutsa pa Entre Lagos kulowera ku Nayuchi, anthu ndi katundu akuwoloka malire tsiku ndi tsiku. Ndani angatitchingire ziweto ngati si ife eni?

Komanso nkhumba yotayirira imadya chimbudzi cha anthu kutchire. N'komwe kumachokera timatuza toyera tija timapezeka m'nyama. Wodya nyama yotere yosapsa bwino amakhala ndi njoka ya m'mimba, ndipo mazira a njokayo akalowa m'thupi la munthu angathe kumuyambitsa khunyu. Khola likuteteza ana anu omwe.

Musati, "Ndilibe ndalama ya simenti." Zikani mitengo yolimba mothithikana kuti mphuno isapeze polowa. Folerani ndi udzu, poti nkhumba imavutika ndi dzuwa. Pansi patsetsereke pang'ono kuti mkodzo uzituluka, ndipo m'chomwera madzi asaphwe. Chakudya chili pakhomo pomwepo: madeya a chimanga ndi a mpunga, kholowa, zinyenyeswa za nsomba zouma za m'nyanja yathu ya Chiuta. Nkhumba yogula kwina ikhale payokha mwezi wathunthu. Mlendo azionera panja. Nkhumba ikafa yokha, ikwirireni mozama ndipo uzani alangizi. Musagulitse ngakhale kanthuli.

Ntchito ilipo, inde. Walira mvula walira matope. Mudzatunga madzi, mudzasesa m'mawa uliwonse. Koma ndowe zimenezo ndi manyowa a chimanga chanu, ndipo nkhumba yaikazi imakhala ndi bere masiku 114 okha. Yodyetsedwa bwino imaswa kawiri pachaka. Pamenepo pali malata, pali makope a ana, pali mtendere ndi anansi athu amene chipembedzo chawo sichilola nkhumba.

Musadikire kuti chigodola chiyambe kwa mnzanu. Nolani nkhwangwa, itanani a pabanja panu, kumbani maenje a nsanamira dzuwa lisanalowe!