Golo ndi Limodzi, Anyamata ndi Ambiri

Pa timu ya mpira wa miyendo pali malo 11, koma malo amodzi mwa amenewa safanana ndi anzake. Mnyamata amene walephera kutsogolo angathe kumuika pakati, ndipo wa pakati angabwerere kumbuyo nakhala wotchinga. Koma pagolo pamaima munthu mmodzi yekha, ndipo iyeyo akakhala wolimba amaima pomwepo masewero onse, chaka chathunthu, mnzake ali duu pabenchi. Chifukwa chake tsiku limene matimu a achinyamata ayesa osewera atsopano, amene abwerera kwao ali chete koposa onse ndiwo agoloboyi.

Anyamata a ku Mchinji amaphunzira nchito imeneyi ndi mpira wachikulunga, pa golo la njerwa ziwiri kapena la nsungwi, m'mabwalo a ku Kamwendo, Mkanda, Kapiri ndi Waliranji, kumene wogwa amagwera pa nthaka youma ngati mwala. Mmodzi akamveka m'dera kuti ali ndi manja, maso ake amaloza ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 110, kumene kuli matimu akulu monga Silver Strikers, Civil Service United ndi Blue Eagles. Makolo agulitsa ndowa ya mtedza kuti mwana akwere minibasi. Iye pofika apeza anzake ambiri, ena ali ndi magolovesi amene iyeyo sadabvalepo chibadwire, ndipo onsewo akulimbirana malo awiri kapena atatu. Tsono funso nali: kodi malowo ayenera yani, ndipo kodi mnyamata angachite chiyani kuti awapeze popanda kuchimwira mnzake?

Aristotle, mphunzitsi wa ku Greece wa masiku amakedzana, adaganizapo za bvuto lofanana nalo. Iye adati ngati zitoliro zabwino zili zochepa ndipo ozifuna ali ambiri, sizipatsidwa kwa mwana wa mfumu kapena kwa wokongola nkhope, koma kwa wodziwa kuziimba, pakuti chitoliro adachipangira kuimba. Momwemonso golo lilipo kuti wina alitchinge. Amene alitchinga bwino ndiye mwini malowo, ngakhale akhale wa kumudzi wosadziwa Chingerezi, ngakhale adabadwira tsidya lija la malire. Tomasi wa ku Aquino, amene adamwalira mu 1274, adalitchula dzina tchimo la wogawa amene ayang'ana nkhope: ndiko kupatsa munthu chinthu pa chifukwa chosakhudzana ndi chinthucho. Mphunzitsi wa timu amene atenga mwana wa mlongo wake, kapena mwana wa munthu amene adagulira timu mipira, kapena amene bambo wake adabwera ndi kenakake m'thumba, wapatsa mnzake chinthu chimene sichinali chake. Malowo adawasungitsa kwa iye. Sadampatse kuti akhale munda wake.

Wina adzati: nanga wosauka uja amene adagulitsa mtedza, sayenera chifundo kodi? Inde ayenera, ndipo chifundocho chioneke pa chakudya, pa malo ogona ndi pa ndalama ya ulendo. Koma kumuika pagolo chifukwa cha umphawi wake, pamene mnzake amposa, ndiko kuchita chifundo ndi chuma cha mwini wake, ndiponso kulakwira anyamata ena 10 amene adzathamanga mphindi 90 ali ndi khomo lotseguka kumbuyo kwao.

Kufikira pamenepa nkhaniyo njosabvuta. Pobvuta mpakuti "wotchinga bwino" sadziwika msanga. Wosewera kutsogolo angakhudze mpira kambirimbiri madzulo amodzi, nakonza cholakwa chake ndi chigoli chimodzi. Koma goloboyi mwina mpira umfikira katatu kokha, ndipo ukampulumuka kamodzi anthu onse aona, nakumbukira chokhacho. Nchito yake yambiri siioneka konse: kuima pamalo poyenera kuti womenya asowe pomenyera, kuitana otchinga ake, kudziwa nthawi yotuluka ndi nthawi yokhala. Amene adziponya uku ndi uku ngati mphaka akondweretsa oonerera, chikhalirecho nthawi zina adziponya chifukwa adaima polakwika poyamba.

Lev Yashin wa ku Russia, goloboyi yekhayo amene adalandirapo mphoto ya Ballon d'Or, mu 1963, adayamba moipa ndithu. Mu 1950, atangolowa m'timu yaikulu ya Dynamo Moscow, mpira womenyedwa ndi goloboyi wa mbali inayo udampitirira nulowa m'golo mwake. Adambweza ku timu yachiwiri, ndipo adadikira kumbuyo kwa Alexei Khomich kufikira 1953. Pa zaka zimenezo ankatchinganso pagolo m'masewero a hockey a pa madzi oundana, ndipo timu yake idatenga chikho cha dziko lawo mu 1953. Akadamuweruza ndi tsiku limodzi lija, bwenzi dzina lake lisakudziwika. Kotero wosankha ali ndi udindo woposa kungopewa ziphuphu. Ayenera kuonetsetsa, kuitananso mnyamata kachiwiri ndi kachitatu, kufunsa aphunzitsi a kusukulu kwake ndi amene adamuona akusewera pa fumbi ndi pa matope. Akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Amene aitana anyamata ochuluka kuchokera kutali, nawapatsa mphindi zowerengeka aliyense, ali atadziwa kale amene adzamtenge, wawanamiza ngakhale sadalankhule bodza ndi pakamwa.

Koma pali chiyeso china chimene chigwera mnyamata mwini wake, ndipo ichi ndicho chozama. Mipikisano ya achinyamata imagawidwa ndi zaka: osapitirira 15, osapitirira 17, osapitirira 20. Golo koma silisintha. M'lifupi mwake ndi mamita 7.32, kutalika kwake mamita 2.44, ndipo penate amamenyera pa mamita 11, kaya woima pamzerepo ndi kamwana kaya ndi bambo wandebvu. Chifukwa chake palibe malo ena m'bwalo pamene msinkhu upindulitsa monga pagolo. Mnyamata wa zaka 20 akaima pakati pa ana a zaka 16, manja ake afika pamene anzake safika, mapewa ake sagwedezeka akagundidwa pa kona, ndipo mtima wake udazolowera kale phokoso la anthu. Kuchotsako zaka zitatu pa pepala kumampatsa zonsezi popanda kukhetsa thukuta.

Zifukwa zimene anthu amapereka siziyenera kunyozedwa, pakuti zina nzolemera. Amati mwana wa ku Ulaya ayamba kuphunzitsidwa mpira ali ndi zaka 7, ali ndi nsapato ndi chakudya chokwanira, pamene wa ku Mkanda aonedwa ndi mphunzitsi woyamba ali atatha kale msinkhu; kuchotsa zaka kuli ngati kubweza nthawi imene umphawi udamlanda. Amatinso matimu ena onse achita chomwecho, ndipo wonena zoona yekha ndiye adzagonja. Ndipo pali choonadi ichi, kuti anyamata ambiri sadziwa tsiku limene adabadwa. Lamulo la kalembera wa dziko lidakhazikitsidwa mu 2010, lidayamba kugwira nchito mu 2015, ndipo kulembetsa kwa anthu ambiri kuti alandire zitupa za unzika kudachitika mu 2017. Amene adabadwira pakhomo nthawi imeneyi isanafike, kapena amene mai wake adakachirira ku chipatala cha ku Zambia chifukwa ndicho chinali pafupi, angakhale alibe pepala lililonse, ndipo zaka zimene zili m'kaundula wa sukulu mwina adazilemba mphunzitsi pongomuyang'ana msinkhu.

Pano mpofunika kusiyanitsa. Amene sadziwa zaka zake, nanena zimene makolo adamuuza, sanama. Bodza ndilo kunena chimene mtima ukudziwa kuti sichili chomwecho. Koma kusadziwa kwina nkofuna dala. Kabuku ka kusikelo kamasungidwa m'nyumba zambiri, mabuku a ubatizo a m'maparishi monga Ludzi, Guilleme ndi Kachebere amalemba tsiku lobadwa, ndipo amai saiwala kuti mwana adabadwa chaka cha njala kapena chaka cha masankho. Amene angathe kudziwa, naleka kufunsa poopa yankho, sangabisale kumbuyo kwa umbuli wake.

Nanga chifukwa cha umphawi chija? Chikadakhala cholimba zaka zochotsedwazo zikadalandidwa kwa mwana wa ku Ulaya. Koma tsiku la mayeso mwana wa ku Ulaya kulibe. Amene ataya malo ndiye mnyamata wina wa zaka 16 zenizeni, wa ku Kapiri kapena ku Dowa, wosauka chimodzimodzi, amene makolo ake nawonso adagulitsa mtedza. Iyeyu abwerera kwao akuganiza kuti sadziwa kutchinga, osadziwa kuti adapikisana ndi munthu wamkulu. Kuba kumeneku nkoipa koposa chifukwa wobedwayo saona kuti wabedwa, kotero sangadandaule kwa munthu, ndipo mwina aleka mpira. Ndipo chifukwa chakuti "onse achita" chidzidya chokha: onse akachotsa zaka, mpikisano wa ana usanduka wa akulu, ndipo ana enieni asowa posewera.

Dziko la Malawi lidalawapo mbali yabwino ya chilungamo chimenechi. Mu 2009, pa mpikisano wa mu Afrika wa osapitirira zaka 17 umene udachitikira ku Algeria, timu ya Niger idachotsedwa chifukwa cha wosewera wopitirira zaka, ndipo Malawi adalowa m'malo mwake, napita ku chikho cha dziko lonse ku Nigeria chaka chomwecho. Anyamatawo adagonja masewero onse atatu, koma malowo adali awo. Ku Nigeria komweko bungwe la FIFA lidayamba kuyeza osewera ndi makina a MRI, ounika m'kati mwa thupi. Pfupa la mkono, pafupi ndi dzanja, lili ndi kampata kofewa pamene pfupalo limakulira. Munthu akakhwima kampatako kamatsekeka, ndipo amene kake katsekeka kotheratu amamuyesa wopitirira zaka 17. Mu 2020, pa mpikisano wa COSAFA ku South Africa, matimu a Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe adachotsedwa atalephera muyeso umenewu, natsala Angola, Malawi, South Africa ndi Zambia. Pakutha pa 2022, ku Cameroon anyamata 21 mwa 30 adagwa pa muyeso womwewo.

Makinawa nawonso sali Mulungu. Matupi sakhwima pa liwiro limodzi, ndipo mwana wonena zoona amene pfupa lake lidafulumira angachotsedwe pamodzi ndi onama, nabwerera kwao ndi manyazi amene sadawayenere. Ameneyu alipira mlandu wa anthu ena. Pakadakhala kuti mau a anthu ngokhulupirika, sipakadafunika kuunika mafupa a ana. Ndiponso makina otere sapezeka pa bwalo la ku boma, pamene mayeso ambiri achitikira. Pamenepo mlonda yekha ndiye chikumbumtima, makamaka cha akulu. Pakuti mnyamata sakonza yekha chikalata. Pali munthu wamkulu amene adamnong'oneza, wina amene adalemba, wina amene adadinda chidindo, ndi wina amene adaona ndebvu zometedwa nayang'ana kumbali. Mlandu wa mnyamatayo ulipo, koma ngwochepa poyerekeza ndi wa iwo amene adamphunzitsa kuti chitseko choyamba cha moyo wake chitsegulidwa ndi bodza. Iyeyu adzasunga bodzalo pa chitupa, pa pasipoti ndi pa kalata ya ukwati, nadzaitana mng'ono wake kuti "achimwene" pamaso pa alendo.

Chodabwitsa nchakuti mwa osewera onse goloboyi ndiye amene zaka sizimthamangitsa. Dino Zoff adanyamula chikho cha dziko lonse ndi Italy mu 1982 ali ndi zaka 40, ndipo Essam El-Hadary wa ku Egypt adagwira penate pa chikho chomwecho mu 2018 ali ndi zaka 45. Mnyamata wa zaka 20 amene wapitirira msinkhu wa timu ya ana sadachedwe. Malo ake ali m'ligi ya boma ndi ya chigawo, pakati pa akulu anzake, ngakhale njirayo njaitali ndipo oona ngochepa.

Patsala uja amene watengedwa, koma ngati wachiwiri. Moyo wake ngwachilendo: amathandiza mnzake kukonzekera, namponyera mipira, pamene akudziwa kuti iye adzasewera pokhapokha mnzakeyo atabvulala, atadwala kapena atalakwa. Kufuna malowo si tchimo. Kukondwera ndi tsoka la mwini malo ndiko kuli tchimo, ndipo malire a ziwirizi ngopyapyala kotero kuti munthu awaoloka osazindikira. Pa chikho cha mu Afrika chimene chidachitikira ku Cameroon mu Januwale 2022, Ernest Kakhobwe ndiye adayamba pagolo la Flames. Charles Thom adalowa pa masewero a Senegal, amene adatha 0-0, ndipo adamsankha kukhala wosewera bwino koposa tsikulo. Adaimanso pagolo pamene Malawi adagonja 2-1 kwa Morocco ku Yaoundé. Adatha kutero chifukwa masiku onse a pabenchi adakonzekera monga munthu wodzasewera.

Koma ambiri a iwo amene apita ku mayeso sadzakhala oyamba kapena achiwiri. Iwowa ngongole imene wosankha ali nayo kwa iwo njaing'ono, komabe kawirikawiri siibwezedwa. Awauze tsiku lomwelo, pamaso, kuti sadatengedwe, m'malo mwa mau aja akuti "tidzakuimbirani," amene asunga mnyamata miyezi akuyang'ana foni, munda uli kumera thengo. Amuuzenso chimene chasowa, kaya ndi msinkhu, kaya miyendo yosadziwa kupatsira, kaya mantha a mipira ya m'mwamba, pakuti zina mwa izi zimakonzeka ndipo iye angabwerenso chaka chamawa. Ndipo amtulutse dzuwa likadali m'mwamba, kuti akapeze minibasi ya ku Mchinji, poti amene atsikira pa Kamwendo akali ndi ulendo wina wa panjinga asanafike kwao.